Servo Ikamavuta mu Simulator: Kuyeza ndi Kukonza Nthawi ya Pulse

Servo ndi kamota kamene kamazungulira kadzanja kake n'kuima pamene mwakauza. Vuto lake limabwerabwera kwa amene akuphunzira Arduino pa Wokwi, Tinkercad kapena Proteus, masimulator amene amayerekezera bolodi ndi mawaya pa kompyuta. Pulogalamu yalembedwa, compiler sinadandaule chilichonse, koma servo yangoti duu, kapena ikunjenjemera, kapena ikuima pamene sinauzidwe. Ambiri amathamangira kusintha manambala a mu `delay()` mongoyesa mwayi, ndipo tsiku limathera pomwepo. Servo siwerenga pulogalamu yanu. Chimene imamva ndi utali wa pulse imene ikufika pa waya wake wa siginolo, basi. Choncho yambani ndi kuyeza pulse imeneyo. Kadzanja kamene kakuzungulira pa sikirini si umboni.

## Manambala oti akhale m'mutu

Pulse ndi kanthawi kamene waya wa siginolo amakhala pa magetsi okwera asanabwerere pa 0V. Timaiyeza mu µs (mamaikrosekondi): 1000 µs ndi 1 ms, ndipo 1000 ms ndi sekondi imodzi.

- Pulse imabwera kamodzi pa 20 ms iliyonse, kutanthauza 50 Hz.
- 1500 µs ndi pakati. Maservo ambiri amalandira 1000 mpaka 2000 µs popanda vuto, ena amapitirira apo.
- Library ya Servo ya Arduino imatenga 544 µs ngati madigiri 0 ndi 2400 µs ngati madigiri 180. Ndiye kuti digiri imodzi ndi pafupifupi 10.3 µs.
- `write(90)` imatulutsa 1472 µs, osati 1500. Kusiyana kumeneku kwasokoneza anthu ambiri.
- Pa bolodi ya Arduino Uno, library imeneyi imagwiritsa ntchito Timer1, chowerengera nthawi cha mkati mwa chip, imene imawerenga kamodzi pa 0.5 µs iliyonse bolodi ikamayenda pa 16 MHz.

## Mmene mungayezere

Pa Wokwi, onjezani Logic Analyzer, chida chojambula nthawi imene siginolo yakwera ndi kutsika. Lumikizani D0 ku waya wa siginolo ndi GND ku GND, yendetsani kwa masekondi awiri kapena atatu, kenako imitsani. Mudzalandira fayilo ya VCD imene imatsegulidwa ndi PulseView kapena GTKWave. Mu PulseView ikani downsampling pa 50 potsegula fayiloyo kuti kompyuta isalemedwe, ndipo yatsani decoder ya PWM (siginolo ya mapulse osinthasintha utali). Idzakuonetsani duty cycle, gawo la 20 ms ija limene pulse yatenga: 2.72% ndi 544 µs, 7.36% ndi 1472 µs, 7.5% ndi 1500 µs, 12% ndi 2400 µs.

Pa Tinkercad ndi Proteus pali oscilloscope, chida choonetsa maonekedwe a siginolo pa sikirini. Ya Tinkercad imakwanira kuona ngati mapulse alipo komanso kutalikirana kwake, koma kusiyana kwa 20 µs simungakuone nayo.

Njira yogwira paliponse: kokani waya kuchokera pa pini ya servo kupita pa pini 2, ndipo sindikizani `pulseIn(2, HIGH)` pa Serial Monitor. Nambala yake imaphonya ndi ma µs angapo chifukwa ma interrupt (timntchito timene chip imathamangira kuchita itaimitsa kaye pulogalamu) amaidula pakati, koma imasiyanitsa bwinobwino 1500 ndi 3000.

Musanayambe kufufuza, chotsani zonse mu pulogalamu. Musiye `attach()` ndi `writeMicroseconds(1500)` mu `setup()`, `loop()` ikhale yopanda kanthu. Mukaona 1500 µs yokhazikika pa 20 ms iliyonse, mawaya ndi wotchi ya bolodi zili bwino, vuto lili m'zimene mwachotsazo. Bwezeretsani chimodzichimodzi.

## Chizindikiro 1: servo sikusuntha n'komwe

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Pini ya mu `attach()` ndi yosiyana ndi imene waya walowa. Ikani analyzer pa pini imene mwalemba mu pulogalamu, osati pa servo. Mapulse akakhalapo, sunthani waya.
2. `attach()` yaiwalika, kapena `detach()` ikuitanidwa msanga. `write()` siitumiza pulse nthawi yomweyo. Imangosunga nambala, Timer1 ndiyo imatumiza ikafika nthawi yake. Mukalemba `write(120)` n'kutsatiza `detach()` mzere wotsatira, nthawi zambiri palibe pulse ya 120 imene ituluke. Dikirani 300 mpaka 500 ms kaye.
3. Malamulo awiri otsatizana popanda kupuma. `write(0)` ndi `write(180)` mu `loop()` yopanda `delay()` zimasinthana kambirimbiri mkati mwa 20 ms imodzi, ndipo servo imalandira iliyonse imene yapezeka pa nthawiyo.
4. Mwagwiritsa ntchito `analogWrite()`. Pa Uno imatulutsa pafupifupi 490 Hz, ndipo pa mapini 5 ndi 6 pafupifupi 980 Hz. Pa analyzer mudzaona mapulse othithikana pa 2 ms kapena 1 ms iliyonse. Imeneyo ndi siginolo ya kuwala kwa LED, si ya servo.
5. Pa bolodi ya ESP32: `Servo.h` wamba sagwira, pamafunika ESP32Servo. Onaninso pini, chifukwa GPIO 34 mpaka 39 zimangolandira, sizitulutsa siginolo. Ngati mukulemba nokha LEDC, imene ndi PWM ya ESP32, dziwani kuti `ledcSetup()` ndi `ledcAttachPin()` zinachotsedwa mu core 3.0, m'malo mwake munalowa `ledcAttach()`.

## Chizindikiro 2: ikusuntha, koma sifika pamene mwaiuza

Apa nthawi zambiri pulogalamu ndi servo ya mu simulator sizikugwirizana pa tanthauzo la madigiri 0 ndi 180. Palibe lamulo limodzi lomanga opanga onse, ndipo simulator iliyonse inasankha zake.

1. Malire osiyana. Tinkercad, mukagwiritsa ntchito mabuloko ake, imalemba `attach(9, 500, 2500)`. MOTOR-PWMSERVO, servo ya mu Proteus, imabwera itaikidwa pa 1 ms ndi 2 ms, madigiri ake kuyambira -90 mpaka +90. Mukaipatsa 544 mpaka 2400 µs, imafika kumapeto msanga: chilichonse chotsika kuposa madigiri 44 chimaoneka ngati -90, ndipo chopitirira 141 chimaoneka ngati +90. Konzani mbali imodzi yokha: mwina `attach(9, 1000, 2000)`, mwina sinthani malire m'ma properties a servoyo. Mukasintha zonse ziwiri nthawi imodzi simudzadziwa chimene chathandiza.
2. Kusokoneza `write()` ndi `writeMicroseconds()`. Nambala yochepera 544 `write()` imaitenga ngati madigiri n'kuidula pa 180. Kuyambira 544 kupita m'mwamba imaitenga ngati µs. Ndiye `write(300)` imapita ku 180, pomwe `write(600)` imabwerera pafupi ndi madigiri 5. Izi zimachitika kawirikawiri mukapereka nambala ya `analogRead()`, imene imafika 1023, osaidutsitsa mu `map()`: servo imakwera mpaka kumapeto, n'kukhala pomwepo, kenako n'kugwa mwadzidzidzi.
3. Masamu osefukira. Pa Uno `int` imathera pa 32767. Mukalemba `544 + digiri * 1856 / 180`, kuchulukitsako kumasefukira pofika madigiri 18, chifukwa 18 kuchulukitsa ndi 1856 ndi 33408. Servo imayenda bwino pang'ono, kenako zimasokonekera. Lembani `1856L` kapena gwiritsani ntchito `map()`, imene imawerengera ndi `long`. Pa ESP32 ndi Pico `int` ndi ya ma bit 32, n'chifukwa chake pulogalamu yomweyo imayenda bwino kumeneko n'kukanika pa Uno.
4. Ma bit ochepa pa ESP32. LEDC ya ma bit 8 pa 50 Hz imagawa 20 ms m'magawo 256, lililonse 78 µs. Pakati pa 1000 ndi 2000 µs pamangotsala masitepe 13. Ndi ma bit 16, 1500 µs ndi 4915.
5. Pa Pico ndi MicroPython: mwaiwala `freq(50)`, kapena mwawerengera molakwa `duty_u16()`. Manambala ake ndi 3277 pa 1000 µs, 4915 pa 1500 µs, 6554 pa 2000 µs. `duty_ns(1500000)` imakupulumutsani ku masamu onsewa.
6. Mwasankha servo yozungulira mosalekeza, monga FS90R. Pa imeneyi pulse imalamula liwiro ndi mbali yozungulirira, osati poimira. Imaima pafupi ndi 1500 µs, choncho `write(90)` ndi 1472 yake ija ingaisiye ikukwawa pang'onopang'ono.

## Chizindikiro 3: ikunjenjemera kapena kugwedezeka mwa apo ndi apo

Ili ndiye vuto lofunika kulimvetsa bwino, chifukwa pulogalamu imaoneka yopanda cholakwa.

Library ya Servo siigwiritsa ntchito PWM ya hardware. Timer1 ikafika pa nambala yake imadzutsa interrupt, ndipo interrupt imeneyo ndiyo imakweza kapena kutsitsa pini. N'chifukwa chake servo mungailumikize pa pini iliyonse. Koma mtengo wake ndi uwu: china chilichonse chikatseka ma interrupt pa nthawi imene pulse imayenera kutha, pini imakhalabe m'mwamba mpaka atatsegulidwa. Pulse imatalika, servo imalumpha, kenako pulse yotsatira imaibweza. Sizichitika nthawi zonse, zimadalira ngati kutsekako kwakumana ndi mapeto a pulse. Pa analyzer mudzaona mapulse makumi angapo ofanana, kenako imodzi yaitali.

1. SoftwareSerial. Imatseka ma interrupt pa byte iliyonse, ndipo pa 9600 baud byte imodzi imatenga pafupifupi 1 ms. Kwa servo, 1 ms ndi madigiri pafupifupi 100. Kukweza baud kumachepetsa vutoli koma sikulithetsa. Chabwino ndi kugwiritsa ntchito serial ya hardware: mapini 0 ndi 1 pa Uno, kapena Serial1 pa Mega.
2. NeoPixel, ma LED amitundumitundu olumikizidwa motsatizana. `show()` imatseka ma interrupt kwa 30 µs pa LED iliyonse. Ma LED 8 ndi 240 µs, madigiri oposa 20. Ma LED 60 ndi 1.8 ms.
3. Sensa ya kutentha ndi chinyezi ya DHT11 kapena DHT22. Powerenga, library imatseka ma interrupt kwa ma ms angapo. Servo ikamagwedezeka kamodzi pa masekondi awiri aliwonse, nthawi yomweyo imene mukuwerenga kutentha, mwam'gwira wolakwa.
4. `noInterrupts()` yanu yomwe, kapena interrupt yanu yokhala ndi ntchito yambiri mkati. Interrupt ingolemba nambala kapena kukweza flag, ntchito yeniyeni ichitikire mu `loop()`.
5. Potentiometer ili pa malire. Magawo 1023 pa madigiri 180 ndiye kuti digiri imodzi ndi magawo osakwana 6. Nambala ikamasinthasintha ndi 1 pa malire, digiri nayo imasinthasintha. Werengani kasanu ndi katatu n'kutenga avereji, ndipo musatumize `write()` pokhapokha kusintha kwafika madigiri 2.

Kusiyana kwa ma µs ochepa, osakwana digiri imodzi, kumachokera ku interrupt ya Timer0 imene imayendetsa `millis()` pa 1.024 ms iliyonse. Kumeneko musalimbane nako.

Ngati NeoPixel kapena SoftwareSerial simungazichotse, chotsani servo m'manja mwa ma interrupt. Njira ziwiri:

- PWM ya hardware pa pini 9 kapena 10. Ikani Timer1 pa mode 14, prescaler 8, `ICR1 = 39999`, ndipo `OCR1A = 3000` ikupatsani 1500 µs. Chulukitsani ma µs ndi 2 kuti mupeze nambala ya `OCR1A`. Apa chip imadula pulse yokha, ma interrupt atsekedwe kapena ayi. Maservo awiri okha ndi amene angakwane, ndipo `Servo.h` muichotse.
- PCA9685, chip yapadera imene imayendetsa maservo 16 kudzera pa I2C. Pa 50 Hz sitepe yake imodzi ndi 4.88 µs.

Ena amangochita `detach()` asanaitane `show()` n'kubwezera `attach()` pambuyo pake. Mu simulator zimaoneka zoyera, koma servo yeniyeni ya analog ikasowa mapulse imaleka kugwira, ndipo dzanja lonyamula katundu limagwa.

## Chizindikiro 4: zonse zikuyenda pang'onopang'ono

Choyamba siyanitsani nthawi ziwiri: ya wotchi ya pakhoma ndi ya mkati mwa simulator. Kompyuta ikalemedwa, simulator imachedwa, koma mkati mwake manambala amakhalabe olondola. Wokwi imaonetsa liwiro lake m'maperesenti pafupi ndi wotchi yake, ndipo Proteus imalemba chenjezo lakuti siikuyenda pa nthawi yeniyeni chifukwa CPU yalemedwa. Zikakhala choncho, analyzer idzaonetsabe 20 ms. Tsekani ma tab ena a browser, chotsani zida zoyezera zimene simukuzifuna, ndipo musakhudze `delay()`. Mukaifupikitsa kuti sikirini ikusangalatseni, bolodi yeniyeni idzathamanga mopitirira.

Analyzer yomwe ikaonetsa nthawi yolakwika, onani izi:

1. Wotchi ya chip. Pulogalamu ya Uno imamangidwa poganiza kuti chip ili pa 16 MHz. ATmega328P, chip ya pa Uno, ikakhala yatsopano imabwera ndi oscillator ya mkati ya 8 MHz yogawidwa ndi 8, ndiye kuti 1 MHz. Mu Proteus, mukaika chip yokhayokha, onani Clock Frequency ndi ma fuse a CKSEL ndi CLKDIV8. Mukatumiza 1500 µs, manambala amaulula okha: 3 ms pa 40 ms iliyonse ndi 8 MHz, 12 ms pa 160 ms ndi 2 MHz, 24 ms pa 320 ms ndi 1 MHz.
2. `loop()` ikutsekeredwa. `pulseIn()` yopanda malire imadikira mpaka sekondi yathunthu ngati sensa yoyeza mtunda ya HC-SR04 sinayankhe. Ipatseni 30000 µs ngati nambala yachitatu. `Serial.print()` pa 9600 imayamba kudikira buffer yake ya ma byte 64 ikadzaza. Apa mapulse amatuluka bwino, chochedwa ndi kusintha kwa nambala.
3. Mapulse opanga ndi manja. `delayMicroseconds()` pa Uno ndi yodalirika mpaka 16383 yokha, choncho `delayMicroseconds(18500)` siikupatsani chimene mukuyembekezera. Igaweni pawiri, kapena gwiritsani ntchito `delay(18)`.
4. Maservo ambiri pa timer imodzi. Library imatumiza mapulse motsatizana, ya servo yoyamba ikatha ndiye yachiwiri imayamba. Maservo 9 onse ali pa 2400 µs amafuna 21.6 ms, ndiye 20 ms ija imatambasuka. Si cholakwa, ndi mmene inapangidwira. Uno imathera pa maservo 12.

Kanthu kena kakang'ono: chitsanzo cha Sweep chimasintha digiri pa 15 ms iliyonse, pomwe pulse imatuluka pa 20 ms iliyonse. Ndiye kuti digiri imodzi mwa anayi aliwonse siifika n'komwe pa waya. Mukaona masitepe ena a 10 µs ndi ena a 20 µs pa analyzer, musadabwe. `delay(20)` imawafananitsa.

## Chizindikiro 5: imabwerera pa 0 yokha, kapena imalumpha poyamba

- Mwalemba 90 pa Serial Monitor, servo yapita, patatha sekondi imodzi yabwerera pa 0. Ndi `Serial.parseInt()`. Imawerenga 90 n'kusiya chizindikiro cha mzere watsopano mu buffer. Ulendo wotsatira imadikira 1000 ms, osapeza nambala, n'kubweza 0. Werengani mzere wonse ndi `readStringUntil('\n')`, kapena tayani zotsala mu buffer mukatenga nambala.
- Imalumphira pakati pulogalamu ikangoyamba. `attach()` imayamba ndi 1500 µs, pafupifupi madigiri 93. Itanani `write()` ndi malo amene mukufuna, kenako `attach()`.
- Imayenda bwino kwa masekondi 32, kenako zimasokonekera. Mwasunga `millis()` mu `int`. Ikhale `unsigned long`.

## Chizindikiro 6: mwaonjezera servo, china chasiya kugwira

- LED kapena mota ya pa pini 9 kapena 10 yaleka kusintha mphamvu. Library ya Servo yatenga Timer1, ndipo `analogWrite()` pa mapini awiriwa imafa ngakhale servo ili pa pini ina. Sunthirani ku 3, 5, 6 kapena 11, koma kumbukirani kuti `tone()` imatenga Timer2 n'kusokoneza 3 ndi 11.
- Compiler ikunena za `__vector_11` yolembedwa kawiri. Ma library awiri akulimbirana interrupt imodzi ya Timer1. AltSoftSerial ndi RH_ASK ya mu RadioHead ndi zitsanzo. Imodzi iyenera kusamuka. ServoTimer2 imasamutsa servo, koma kumeneko imakakumana ndi `tone()` ndi IRremote.

## Chizindikiro 7: mu simulator zili bwino, pa bolodi yeniyeni zikukanika

Pa nkhani ya nthawi simulator imanena zoona. Pa nkhani ya magetsi, kulemera kwa katundu ndi magiya, siikuuzani zambiri.

1. Magetsi osakwanira. USB imapereka pafupifupi 500 mA. Servo yaing'ono ya SG90 imodzi ikakakamira imakoka ma mA mazana angapo, ndipo yaikulu ya MG996R imafika pafupifupi 2.5 A. Magetsi akagwa, Uno imazima n'kuyambiranso, servo n'kulumphira pakati. Lembani `Serial.println()` mu `setup()`: uthengawo ukamabwerezeka, bolodi ikuyambiranso. Ipatseni servo magetsi ake a 5V mpaka 6V, monga mabatire anayi a AA, ndi capacitor ya 470 mpaka 1000 µF pafupi ndi servoyo. Batire la 9V lamakona anayi lija silingathe.
2. GND sinalumikizidwe pamodzi. GND ya mabatire ndi ya bolodi zikhale pa waya mmodzi, apo ayi servo ilibe poyezera pulse.
3. Mawaya asinthana. Pa SG90, wa bulawuni ndi GND, wofiira ndi magetsi, wa olenji ndi siginolo.
4. Servo ikulira kumapeto. 544 kapena 2400 µs yaikankhira pa choimitsa cha mkati. Yambani pa 1500 µs, sunthani ndi 50 µs ulendo uliwonse. Ikayamba kulira bwererani ndi 50 µs, ndipo nambala imeneyo muiike mu `attach()`. Chitani chimodzimodzi mbali inayo. Servo iliyonse ili ndi malire ake, ngakhale ziwiri za mtundu umodzi.
5. Nthawi yoyendera. SG90 imatenga pafupifupi 0.1 sekondi pa madigiri 60 ikakhala yopanda katundu, ndiye madigiri 180 ndi 0.3 sekondi, ndipo ndi katundu zimaposa apo. `read()` siingakuthandizeni pano: imangobwereza nambala imene inu munatumiza, siidziwa pamene dzanja lili.
6. PCA9685 yaphonya pang'ono. Oscillator yake imalembedwa 25 MHz, koma iliyonse imasiyanako. Yezani frequency yeniyeni n'kukonza ndi `setOscillatorFrequency()`.

## Pamene muyenera kuleka n'kuitana katswiri

Zimitsani magetsi nthawi yomweyo ngati:

- servo, waya kapena regulator ya pa bolodi yatentha moti simungaigwire, kapena mukumva fungo la pulasitiki yopsa;
- batire la LiPo lafufuma kapena latentha. Musalichajenso, musaliboole, liikeni panja pa simenti kutali ndi zoyaka;
- doko la USB la kompyuta lazima servo itangosuntha.

Pezani wodziwa zamagetsi kapena zamakina ngati:

- ntchitoyo ikufuna kutsegula adaputala kapena kulumikiza chilichonse ku magetsi a pakhoma;
- servo ndi yaikulu moti ingapane chala kapena kugwetsa katundu pa munthu;
- servo ikuyendetsa loko ya chitseko, vavu ya gasi, mabuleki, kapena zowongolera ndege ndi drone. Zoterezi zimafuna kuyesedwa pa zida zenizeni, kuphatikizapo zimene zimachitika siginolo ikaduka kapena batire likatha;
- mwayeza pa servo yeniyeni ndi oscilloscope, pulse ndi yoyera, magetsi ndi okhazikika, koma ikugwedezekabe. Apo vuto lili mkati, potentiometer yatha kapena giya yathyoka mano. SG90 ingosinthani ndi ina. Servo yodula ya magiya achitsulo ipite kwa amene ali ndi zida zake zosinthira.